Onga wa M'mabotolo a Chiponde

Amayi, kodi kumene muliko mukupezako bwanji? Ine kuno ku Rockville ndikulemba mtima ukuwira, ndipo wandiyambitsa ndi mzime wanu Yohane.

Ndiyambe ndi zabwino. Mkazi wake wachira, ndi mwana wamkazi, mphumi ngati yanu. Kadimba kanga kakuseri kwa nyumba kanabereka tomato wambiri mpaka ndinagawira a kutchalitchi. Nkhwani wokha sindinalawe, chifukwa agwape akuno saopa munthu, amadya akukuyang'ana. Yohane ataona zimenezo anati abwezera, akasake abale awo kunkhalango.

Anakagula mfuti ya gogodera, Amayi, yothira onga kukamwa ngati ya malemu bambo ija. Kuno azungu amazikondabe, boma limaperekanso nyengo yake yosakira. Ndinamuletsa. Ndinati munthu woyendetsa makina onyamula katundu ku Landover, ntchito yodalira maso, akufunanji ndi moto? Anandiseka, ati ine ndi nesi, ndimaona ngozi ngakhale m'kapu ya tiyi.

Zimene ndaphunzira mochedwa ndi izi. Onga wa kuno si umodzi ayi. Umabwera m'zitini zolembedwa chilembo F. Wa F mmodzi ndi wokhakhala ngati mchenga wa kumtsinje, wa mfuti zikuluzikulu. Wa awiri ndiwo unali woyenera yake. Wa atatu ndi wa timfuti tating'ono. Wa anayi ndi wosalala ngati ufa wosefa, ndipo umayaka mofulumira kwambiri moti amangothira pang'ono pakambale ka m'mbali kuti uyatse moto. Mumpope wa mfuti sauthiramo.

Ndiye iye ndi mnzake wa kutchalitchi, a Tembo a ku Chipata, anagula limodzi n'kugawana ngati mmene tinkagawirana mchere. Zitini zinapita ndi a Tembo. Yohane gawo lake anakhuthulira m'mabotolo a chiponde amene ndimatsuka n'kusunga, paja munkatiuza kuti, “Osataya botolo, lidzagwira ntchito.” Lagwiradi ntchito, Amayi!

A Tembo anamuchenjeza ndili pomwepo. Anati, “Ba Yohane, lembani pa botolo, aka kosalala ni koyatsila cabe.” Mwana wanu n'kuyankha kuti, “Aaa, bambo athu ankalemba? Onga ndi onga, ine ndimaumva ndi chala.” Chala chiti? Bambo anamwalira iye akuyamwa. Mfuti ya bambo ija sanaigwirepo, anangoimva m'nkhani zanu. Koma mwamuna akafuna kufanana ndi atate ake, ngakhale mlongo wake ukuwe bwanji, umangokhala ngati wailesi.

Loweruka lake m'mawa kunali chisanu, zala zitauma. Anatenga botolo la wosalala uja n'kudzaza mumpope muyezo wonse, mwina n'kuwonjezera, pakuti mukumudziwa. Mfuti inaphulikira kumbuyo, pomwe panali nkhope yake. A Tembo anandiimbira ndili pantchito, akulira ngati mwana. Kuchipatala ku Bethesda anamusoka tsaya, koma za diso lakumanja anati tidikire.

Masiku odikira amenewo ndinakwiya, Amayi, osati pang'ono. Ndinakwiyira a Tembo, ndinakwiyira agwape, ndinakwiyiranso inu pomusimbira za ulenje wa bambo osamuuza kuti nyama yake inali ya apo ndi apo. Munkati, “Yohane, manja ako amathamanga kuposa mutu,” koma munkanena mukuseka, n'kumuwonjezera ndiwo. Ndinakonza mawu oti ndimuuze tsiku lomasula bandeji, mawu oti asadzaiwale.

Amasula Lachitatu. Diso lapita. Za ntchito yake sitikudziwa, abwana ake akuti aona kaye.

Potuluka ndinali nditatsegula kale pakamwa. Tikudutsa poimika magalimoto, galimoto ina inatulukira chakumanja, pang'onopang'ono ndithu, koma iye anangopitiriza kuyenda. Ndinamukoka malaya. Anatembenuza mutu wonse kuti aone chimene chachitika, kenaka anati, “Achemwali, sindinaione.” Mawu anga onse aja anathera pomwepo.

Mkwiyo sunathe, musaganize kuti ndamukhululukira. Koma ndikukulonjezani kuti kulikonse tingayende, ine ndizikhala kumanja kwake, mbali imene sakuonayo.

Ndimakukondani ndipo ndakusowani,

Mwana wanu,
Esinati