Kabokosi Koyaka Masana

Bertrams, Joni
12 Okutobala 2024

Okondedwa alongo anga a Abednego,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa alamu ndi wa ana onse kumeneko ku Phalombe. Ife kuno tili bwino, kupatula mawondo angawa amene sanazolowerebe masitepe a nyumba zosanja. Akundilembera ndi a Mwanahalima, anzanga a ku Mangochi a khomo loyandikana ndi lathu. Ndikanatha kuimba foni, koma mawu a pafoni amapita ndi mphepo, ndipo nkhani iyi ndikufuna muimve mutakhala pansi.

Ndinalonjeza kuti ndifika mvula isanagwe. Sinditha, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Mwana wanu Omega, yemwe munkati mtsikana sakwera padenga, ndi amene anaika masola padenga la nyumba imene tikukhalamo. Kampani yake inkangoika zimenezi kwa olemera a ku Sandton. Iye anachonderera abwana ake, a Jessica, kuti ayeserenso kuno kwa ife alendi, okhala m'nyumba za lendi, ndipo anamulola, koma anati zikakanika adzazula zonse, ndi ntchito yake idzathera pomwepo.

Omega anandifotokozera motere. Kale magetsi ankangochoka kumene amawotcha malasha n'kulowa m'nyumba, osadziwa amene akuwafuna ndi amene sakuwafuna. Tsopano nthambo zimamvana. Dzuwa likaswa mtengo, makina amatenthetsa madzi osamba m'makomo monse ndi kudzaza mabatire, otsalawo n'kupita kwa ena. Mitambo ikaphimba, amabwereka kwa amene ali ndi dzuwa, kapena ku mphepo ya kunyanja yaikulu imene imazunguza mapiko a makina opangira magetsi. Ndinati, kumeneko ndiye kupala moto, monga tinkachitira kwa anansi moto wathu ukazima. Anaseka nati ndakhoza.

Tsiku lina ananditengera ku Witbank, kumene malemu bambo ake ankakumba malasha nthawi ya Teba. Alongo, ndinaona utsi wake, ndipo ndinakumbukira chifuwa chija anabwera nacho. Omega akuti utsi umenewo ukutenthetsa dziko lonse, ndipo ukuwonjezera ukali wa anamondwe ngati uja anatikokolera dimba. Sindinganene kuti ndamvetsa zonse. Chimene ndamva n'chakuti nyumba yathu ikadya dzuwa, malasha owotchedwa amachepa.

Tsopano mvetserani. M'chipinda mwathu, pambali pa filiji, muli kabokosi kokhala ndi tinyale tobiriwira. Anakaika mwathu poopa akuba. Inu mukudziwa mmene amayi ankatikalipira koloboyi akapezeka akuyakabe kutacha. Ndiye ine, Omega akangotuluka m'mawa, ndinkazimitsa chilichonse pakhoma, wailesi, ketulo, ndi kabokosiko. Ndinkati ndikumusungira mwana magetsi. Dzuwa likapendeka ndinkayatsa zonse kuti apeze nyumba ili bwino.

Mwana anayamba kuwonda. Ankabwera n'kukayang'ana kabokosi kaja, n'kukapeza kakuyaka, n'kupukusa mutu. Anati masana nyumba yathu ikumasowa pa makompyuta awo, madzi sakutentha, ndipo madzulo anthu onse akumakoka magetsi a malasha ngati kale. Alendi anayamba kudandaula kwa eni nyumba. Ine ndinkangomupempherera mwana wanga, osaganiza kuti zikukhudza tinyale tija. Anatumiza mmisiri kawiri konse, koma bamboyo akagogoda ndinkathamanga kuyatsa zonse, pakuti mlendo salandiridwa m'nyumba yozizira ngati mulibe anthu. Ankamwa tiyi, n'kukanena kuti palibe vuto. A Mwanahalima akuseka pano, koma ndawauza alembe momwe ndikunenera.

Lachitatu lapitali ndinali ndi tsiku la kuchipatala, ndipo titachoka kumeneko Omega anadzera nane kuntchito kwake. Ndinali nditazimitsa zonse potuluka m'nyumba m'mawa, iye atatsogola kale pamasitepe. Kuntchito kwakeko kuli khoma lonse la magalasi oonetsa mzinda, nyumba iliyonse ili ndi kadontho kake kowala. Anthu amakhala phee, kuyang'ana mmene magetsi akuyendera, uku akuchuluka, uku akuchepa. A Jessica anandipatsa mpando, akunditchula kuti Mama. Kenako anamuuza Omega pa Chingerezi mawu amene sindinamve, koma nkhope ya mwana wanga ndinaimva. Ndinafunsa kuti yathu ndi iti. Omega anandilozera kadontho kakuda pakati pa towala, nati kabokosi ka kunyumba ndiye pakamwa ndi makutu a nyumba yonse, ndipo sakudziwa chimene chikukatseka pakamwa masana.

Alongo, apo ndinazindikira kuti wolakwa ndine. Ndikanatha kukhala chete, n'kungosiya kuzimitsa mawa lake, palibe akanadziwa. Koma anthu aja akanapitiriza kuganiza kuti ntchito ya mwana wanga ndi yogwedera. Ndinaimirira ndi ndodo yanga.

“Uwauze abwana akowa kuti makina ako alibe mlandu,” ndinatero. “Ndine ndimazimitsa. Kwathu nyale siyaka masana.”

Omega anandifunsa, “Amayi, tsiku lililonse?”

“Kupatula Loweruka ndi Lamulungu, iwe ukakhalapo.”

Anawamasulira. A Jessica anagwira pakamwa, kenako anafunsa ngati amayi ena m'nyumba muja nawonso amazimitsa magiza, matanki otenthetsa madzi aja, akamapita ku maganyu. Ndinati onse, pakuti tinaleredwa chimodzimodzi. Anati zimenezo palibe anaziganizira, ndipo anamuwonjezera Omega nthawi mpaka Disembala.

Tinabwerera pa tekisi. Titafika kunyumba Omega anayatsa kabokosi kaja, anakhala pansi n'kulira, kenako n'kuseka, n'kundifunsa ngati ndadya.

N'chifukwa chake sindibwera. Ine ndi a Mwanahalima tikuyenda khomo ndi khomo kuuza amayi anzathu kuti masana asazimitse, pakuti dzuwa ndiye nkhuni zathu tsopano. Mwana akanena amati ndi zakusukulu, koma ine gogo ndikanena amamva. Kunena zoona, ndikadutsa pa filiji dzanja limandiyabwabe, ndiye ndamata pulasitala pa swichi ija.

Chonde mundilimire munda wa kumtunda. Mbewu ya nandolo ili mumtsuko kuseri kwa chitseko. Alamu ndawasungira bulangeti la kuno.

Moni kwa alamu, kwa abusa ndi kwa amayi a Mvano. Anthu akamakalambula kumanda, mupite nawo, muzule udzu pa bambo ake a Omega. Ankadandaula kuti anasiya mapapo awo ku Joni popanda chooneka. Muime pang'ono pamenepo m'malo mwanga, munene kuti mwana wawo ali konkuno, akuchepetsa moto umene iwo ankausonkhezera, ndipo ine ndikumulondera nyale yake.

Ndine mlongo wanu wokukumbukani,
Benedicta, make Omega