Macheka M'munda wa Chinangwa

Lolemba, 6 Juni 1955
Nselema. Chisanu, fumbi. Elliam wayambanso nyimbo yake yopita ku Joni. Mwana wanga wamwamuna mmodzi yekhayo, ndipo ukalipentala wandiposa kale. Akuti, "Bambo, zitseko ziwiri pamwezi ndi ntchito imeneyi?" Ndamupempha adikire mpaka mvula. Wavomera monyinyirika.

Lachinayi, 9 Juni
Kukubwera mzungu wofufuza, wochokera kusukulu yaikulu ya kwawo. Akufunsa amalonda: uli ndi chiyani, umagulitsa bwanji. Msonkho umenewu, za Chitaganya basi. Amene ndaumiriza anzanga kuti tibise zinthu ndine. A Hamadi atelala asenza mashini awo kupita kwa alamu awo. Ine macheka ndi matabwa a mlombwa, m'munda wa chinangwa. Elliam wandithandiza kunyamula.

Loweruka, 11 Juni
Mzungu uja wafika panjinga, mphuno yopsa ndi dzuwa. Womasulira wake a Japhet Kachingwe a ku Kasupe. Ndinavala malaya ong'ambika dala. Akuti, ntchito ikuyenda? "Iyayi bwana, tikungokhala." A Japhet anandiyang'anitsitsa: "Achimwene, nenani zoona, zikuthandizani." Ndinaseka chamumtima. Wodya za boma anganene chiyani? Utuchi uli mbwee pakhomo, ndinati ngwa chaka chatha. Mzungu analemba.

Lachitatu, 12 Okutobala
Balaka, kudzagula misomali. Ndaona ndi maso angawa. Shedi yamalata pafupi ndi njanji, akalipentala ali piringupiringu, zipangizo zatsopano zoti boma linalipirako theka. Ntchito yokhoma mabenchi a masukulu onse kuno apatsidwa iwowo.
A Japhet ndakumana nawo pasiteshoni. Sanandinyoze, bola akanatero. Akuti kafukufuku uja anali woti boma lidziwe kumene kuli amisiri oyenera kuthandizidwa. Za Nselema mzungu analemba zomwe tinamuuza: kulibe malonda, kulibe amisiri.
Ndafunsa ngati adzabweranso. Anabwerera kwawo kalekale.

Lachisanu, 14 Okutobala
Sindinauze munthu. A Hamadi kundipatsa moni, ine maso pansi. Chakudya sichikulowa. Uchitsiru wanga uwu, chonsecho ndinkadziyesa wochenjera kuposa onse pamsika.

Lamulungu, 23 Okutobala
Ndamuuza Elliam pochokera ku Misa. Sanakalipe. Anangoti, "Ndinadziwa kale, bambo. Kushedi kuja ndinapitako mwezi watha. Akuti malo ndi a anthu a ku Balaka okha."
Kani mwezi wonse amandiyang'ana, akudya nane mbale imodzi, osanena kanthu.

Lachiwiri, 25 Okutobala
Galimoto ya Wenela, yotenga anthu opita ku Joni, yanyamuka m'mawa, Elliam ali momwemo. Martina, mayi ake, sanatuluke m'nyumba. Ndinamuperekeza ndekha mpaka pamsewu. Ndinafuna kunena kuti andikhululukire, koma pakamwa panangotuluka zoti asamale bulangete.
Chitseko chimene a Dalesi anaitanitsa chikudikira. Thabwa lake nlalitali. Ndaitana Elliam kuti agwire mbali inayo, kenako ndakumbuka.