Udzu wa Kuseri kwa Mpanda

Lamlungu, 16 Okutobala 1977

Ndapita kukaona abambo ku Area 12. Ndawapeza akuthirira maluwa a adona omwe amawagwirira ntchito, ali ndwii.

Nkhani ndi ya udzu wa kuseri kwa mpanda. Pamenepo ndi pomwe panali mudzi wa amayi tisanasamutsidwe kuti amange likulu. Chaka ndi chaka abambo amautentha mvula isanagwe. Bwana wakale ankangotseka mawindo. Adona atsopanowa akuti akadzangoona utsi, ntchito yatha, kanyumba ka antchito atulukemonso. Akuti autchetche ndi chikwakwa.

Nanga akawachotsa apita kuti? Anali mkamwini. Amayi anamwalira, ndipo kumene anasamukira abale a amayi, iwo alibeko ngakhale mzere umodzi. Kwawo anachokako ine ndisanabadwe. Changa chipinda n'chimodzi, cha lendi. Ndili ndi mantha.

Lolemba, 17

Ku ofesi ndataipa kalata imodzi katatu. Mutu uli pa zimene abambo anandiuza dzulo, nkhani ya ku Kaphirintiwa yomwe ndaimva kuyambira ndili kamwana.

Akuti anthu oyamba anatsika ndi mvula, atanyamula khasu, mtondo ndi lichero. Ankakhala pamodzi ndi nyama, Chauta ali pakati pawo. Tsiku lina mwamuna, poseweretsa timitengo tiwiri, anapeka moto. Tchire lonse linapsa. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, nyama zina zinamuda mpaka lero. Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Dziko loyamba linathera pomwepo.

"Mvula imabwera kudzazima moto umenewo," anatero. "Popanda moto idzazima chiyani?"

Ndinati ku sukulu anatiphunzitsa zina. Anati, "Aphunzitsi akowo anagwetsapo mvula kangati?"

Lachiwiri, 18

Che Sefu, eni nyumba yanga kuno ku Old Town, anandiona ndili zyoli ndipo anasiya kukhoma chidebe. Ndinawafotokozera. Anamvetsera bwinobwino, kenako nkuti kwa iwo Asilamu dziko lidzatha kamodzi kokha, pa Kiyama: lipenga lidzalira, mapiri adzauluka ngati thonje.

"Koma la bambo anu limatha Okutobala aliyense. Satopa?"

Mayi Asiatu, akazi awo, anayankha ali kukhitchini kuti achepetse phokoso la nyundo, mwina lipengalo linalira kale iwo osamva. Ndinaseka koyamba sabata ino.

Lachitatu, 19

Kutentha. Phula la pa msewu likumata nsapato. Kumwamba mbee.

Lachinayi, 20

Pa windo la ofesi ndinaona utsi mbali ya ku Dzalanyama. Mtima unatsika pang'ono. Ena akutentha kale, ndiye wa abambo ndi wachiyani? Ndikawauza zimenezi Loweruka.

Loweruka, 22

Zandikanika. Akuti malo aliwonse ali ndi moto wake, sungadyere mnzako nkumati wakhuta. Machesi anali m'thumba la malaya, ndinawaona.

Ndinapsa mtima. Ndinati, "Abambo, dziko lanulo linatha kale tsiku lomwe anabwera mathirakitala. Pano ndi pa Area 12. Mukufuna mukagone pa depoti chifukwa cha nthano?"

Anayang'ana uku ndi uku kaye, poti za kusamutsidwa sitinena mokweza. Kenako anatola paipi nkupitiriza kuthirira. Sananditsanzike.

Pakamwa pangapa. Ndalira m'basi njira yonse, mayi wina mpaka anandifunsa ngati kwagwa zovuta.

Lolemba, 24

Zii. Belu la foni likalira ku ofesi ndikumadzidzimuka, ngati kuti adona angadziwe nambala yathu.

Lachitatu, 26

Poweruka ndinapeza njinga ya abambo itatsamira khoma la che Sefu. Pa kaliyala mtolo wa udzu wautali kuposa munthu, womanga ndi luzi. Auyendetsa kuchokera ku Area 12, kudutsa City Centre, kuwoloka mlatho, anthu a pa msika akuwaseka kuti afolera nyumba yanji m'tauni.

Atchetcha wonse, masiku atatu. Manja matuza okhaokha. Ntchito ilipo, kanyumba kalipo. Mtima wanga unakhala m'malo.

Kenako anati adona akondwa kwambiri ndi mmene payeretsedwera, moti alamula kuti azule zitsa zonse, adzalepo kapinga.

"Ndiye chaka chamawa kulibe chotentha," anatero, ngati akunena mtengo wa mchere.

Che Sefu sanafunse zambiri. Anakoka lata lakale nkuliyala pakati pa bwalo, mayi Asiatu anaanula zovala pa chingwe. Abambo anamasula mtolo, nauyala bwinobwino, matsinde mbali imodzi. Anatulutsa machesi, nkundipatsa ine.

"Yatsa iwe. Ine ndamaliza kale ndi chikwakwa."

Ndinawalandira, mawu anga a Loweruka aja akadali mumtima. Ndinagwada nkuyatsa. Udzu wa mudzi wonse wa amayi unapsa msanga kuposa madzi a tiyi kuwira.

Abambo anautsata utsiwo ndi maso mpaka unadutsa madenga. Atatero anapempha tsache, nasesa phulusa, nkuliika m'thumba la shuga kuti akalithire kumene linachokera. Mawa m'mawa ayamba kudzala kapinga.