Galimoto ya Ng'ombe Zanu Ziwiri

Amayi anga, kodi mukudzuka bwanji kumene muliko?

Kuno ku Kabudula tili bwino ndithu, kupatula chifuwa chimene chagwira ana mudzi wonse ndi fumbi la mwezi uno. Ndakhala ndikufuna kukulemberani kwa masabata angapo, koma mukundidziwa ine, nkhani ikakhala yondichititsa manyazi ndimayamba ndasesa bwalo loseseratu kale. Lero ntchito zonamizira zandithera.

Ndiyambe ndi zabwino. Mdzukulu wanu Tadala anachira mu Meyi, mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Mphuno ndi yanu yeniyeni, ndiye kulira kwake, eee, akadzuka iye ndiye kuti tonse tadzuka. Mtedza wa m'munda wa kudambo unachita bwino. Soya ndiye anatigwiritsa fuwa lamoto, mvula inadula ali pa maluwa. Denga la khitchini lija munkalidandaula tinalifolera, silikudonthanso.

Nkhani yandikhazika pansiyi ndi ya Limbani, mwana wanu womaliza. Mukukumbuka tsiku lija kuchipatala, munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Esinati, mlongo wakoyu asabwererenso ku Joni. Mumupezere chogwira konkuno." Ndinavomera. Zaka zisanu anakhala kumene kuja n'kubwera chimanjamanja, wowonda, anthu n'kumamuloza akamadutsa. Inu simunafune kuti tsiku lina adzabwere m'bokosi, inenso sindifuna.

Titameta, tinakhala pansi ndi alongo anu, amalume a Chimphepo. Tinagwirizana zogulitsa ng'ombe zanu ziwiri zija pamodzi ndi ngolo, kuti Limbani agule kapikapu kakale kadizilo, azinyamulira anthu mbewu kupita pa Nsaru ndi m'tauni. Amalume, poti anayendetsa lole ya ku esiteti ya fodya zaka zambiri, anaika lamulo limodzi lokha. Anati, "Mugule ya injini wamba. Ya tebo ayi. Tebo ndi ya anthu a pa tala, kuno ku fumbi imafa msanga ngati nkhuku yachizungu." Ine ndinagwedeza mutu ngati ndamva, chonsecho tebo sindinkaidziwa kuti ndi chiyani.

Limbani anapita ku Lilongwe, anaipeza galimotoyo kwa dobadoba wina. M'mbali mwake munali zilembo zofufutika zonena kuti tebo. Atafunsa, munthu uja anaseka, akuti, "Achimwene, izi n'zokongoletsa chabe, injiniyi ndi wamba." Musamuweruze mwana wanu, Amayi. Njinga zamoto za kabaza pa Nsaru pafupifupi zonse zinamatidwa mawu omwewo. Ngolo yanu yomwe ija, mwaiwala kuti Limbani anailemba tebo kumbuyo ndi penti yofiira, inu n'kumafunsa ngati limenelo ndi dzina la ng'ombe? Kuno mawu amenewo timalemba paliponse. Akanawakhulupirira bwanji pa galimoto?

Tsiku limene inafika tinalulutira. Amalume anaizungulira kawiri, anamenya matayala ndi phazi, n'kunena kuti ili bwino. Ndipo inalidi bwino. Mukanamuona mwana wanu miyezi imeneyo! Ananenepa, anayamba kumeta bwinobwino, anthu omwe ankamuseka aja n'kumabwera m'mamawa kudzagogoda, "A Limbani, matumba anga asanu." Ine ndinkakhala kutsogolo nthawi zambiri, poti bizinezi yanga ya tomato ndi mtedza imayenda njira yomweyo. Tikamakwera chitunda galimoto inkaimba kamluzu kakang'ono, fyiii, ife n'kumati ikusangalala.

Kenako dizilo anasowa. Inu munachoka zinthu zisanafike pamenepa, koma masiku ano munthu umatha kuswera pa mzere wa mafuta n'kubwerako ndi chigubu chopanda kanthu. Apa ndi pamene pakamwa panga panayambira ntchito. Tikafika potsetsereka, monga potsikira kudambo paja, ndinkati, "Zimitsa, itsika yokha." Tikaima kuti tikweze thumba limodzi, "Zimitsa." Tikafika pamsika injini ili moto chifukwa cha katundu, asanaime n'komwe bwinobwino, ine ndayamba kale, "Zimitsatu iwe!" Iye ankati, "Achemwali, galimoto si njinga." Ine n'kumuyankha ndi mawu anu aja munkanena mukamatizimitsira koloboyi tikali kucheza, akuti parafini samera m'munda. Akamva mawu anu ankangopotokola kiyi.

Sizinathere pomwepo. Oilo wa m'sitolo nditaona kuti wakwera, ndinayamba kumugulira wa m'mabotolo amene amaikidwa padzuwa m'mbali mwa msewu uja. Limbani anamuyang'ana n'kunena kuti akuoneka wakuda. Ndinati oilo ndi oilo, asandivute.

Tsiku lina Lachisanu tikuyandikira pa Nsaru titadzaza chimanga cha eni ake, kamluzu kaja kanasanduka kulira kwenikweni, kochititsa nthumanzi. Kumbuyo utsi woyererako uli tolotolo, galimoto mphamvu n'kutheratu. Tinaima. Amayi, manyazi ake! Anatikoka ndi ng'ombe za munthu wina mpaka pagalaja, dzuwa lili pamutu, anthu a pamsika ataimirira m'mbali. Wina anakuwa kuti, "Ng'ombe zabwerera kwawo!" Limbani anangogwira chiwongolero, maso ali kutsogolo.

Makaniko wake ndi a Jafali, bambo wachikulire wofatsa, amene galaja yawo ili kuseri kwa chigayo. Anatsegula boneti, anasuzumira pang'ono, n'kutiitana tonse awiri. Anati munthu ukafuna kudziwa ngati injini ili ndi tebo usamawerenge zolembedwa panja, usamafunsenso wogulitsa. Uzitsata paipi ya utsi pamene yatulukira mu injini. Anatsata ndi chala, ife tikuona, mpaka chala chinakaima pa kachitsulo kozungulira ngati chigoba cha nkhono, kadzimbiri mbali imodzi. Pa kachitsuloko panachoka chipaipi chonenepa chopita kutsogolo, ku kaladiyeta kena kakang'ono. Anati, "Mukaona nkhono iyi ndi chipaipi ichi, ndiye tebo imeneyo. Kamluzu munkamva kaja ndi iyeyu." Chinthu choti ngakhale ine ndikanachiona, tikanangodziwa potsegula.

Anatifotokozera kuti m'kati mwa nkhonoyo muli kagudumu kamene kamazunguzidwa ndi utsi, n'kumapopera mpweya mu injini ngati mvukuto wa osula makasu, ndiye injini yaing'ono imakoka ngati yaikulu. Koma kagudumuko kamathamanga koopsa, kamatentha, ndipo moyo wake ndi oilo. Ukazimitsa injini mwadzidzidzi oilo amaima, iko kakali kuzungulira kouma. Kenako anafunsa, osakweza mawu, "Kodi amakonda kuizimitsa ikali yotentha ndani? Nanga oilo uyu anathira ndani?"

Limbani anati, "Ndine, bambo."

Ine ndinali pomwepo, Amayi, dzanja langa lili pa galimotoyo. Ndinangoyang'ana pansi. Chimene ndinakwanitsa n'kufunsa ngati injini zoterezi zili zachabe. A Jafali anakana. Anati, "Ayi mayi, injiniyi ndi yolimba, ikhoza kukalamba nanu. Yafa ndi tebo yokha. Imangofuna oilo wabwino wosinthidwa pa nthawi yake, sefa ya mpweya isamatsekeke ndi fumbi, ndipo mukafika muziisiya ilire pang'onopang'ono kaye musanazimitse. Vuto lake n'lakuti sikhululuka msanga ngati injini wamba."

Lamulungu amalume anaitanitsa abale. Anakalipa mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. "Ndinati chiyani ine? Ndinati chiyani? Ku Joni unabwerako wopanda ndi supuni yomwe, lero wadya ng'ombe za mayi ako! Munthu wanji wosagwirika iwe?" Ena n'kumavomereza. Limbani anakhala pa njerwa, mutu uli pansi. Ine ndinakhala pamphasa ndi azimayi anzanga, nsonga ya chitenje ili pakamwa. Mtima unkandiuza kuti lankhula, koma ndinkaopa. Kuyambira pamene munachoka anthu amanditenga ngati ndine mutu wa banja lino, wanzeru, wosunga zinthu. Ndinaumira dzina limenelo.

Lachitatu m'mawa ndinapita kwake kukamupatsa mbatata. Ndinamupeza akuchapa nsapato, zovala zili m'chikwama, pasipoti ili pampando. Anati pali mnzake amene akunyamuka Loweruka kupita ku Joni, apita limodzi. Ndinakhala pakhonde n'kumufunsa kuti, "Limbani, bwanji sunanene kuti ndine ndinkakuuza zozimitsa? Bwanji sunanene za oilo?"

Anapitiriza kuchapa. Kenako anati, "Achemwali, ine kunenedwa ndinazolowera. Inu mukanatha?"

Ndinalira, Amayi. Ndinalira ngati tsiku lija tinakuperekezani. Mbatata ndinazisiya pomwepo n'kulunjika kwa amalume. Ndinawapeza pachigafa akukonza mitengo. Ndinagwada n'kuwauza zonse, za potsetsereka, za pamsika, za oilo wa m'mabotolo, ndi kuti mwanayo ankakana ine n'kumamukakamiza ndi mawu anu. Anaika mtengo pansi. Kenako anati, "Komabe kugula anagula yekha." Apa ndiye mkwiyo wanu uja unandikwera, sindikudziwa kumene unachokera. Ndinati, "Amalume, pepani, koma tonsefe woidziwa tebo munali inu nokha. Tsiku limene inafika munamenya matayala. Boneti munatsegula?"

Ndinkayesa andithamangitsa. Anandiyang'ana, anayang'ana kumbali, n'kunena kuti, "Iwe ndiwe mwana wa mayi ako eti." Anatenga njinga yawo.

Mukuwadziwa alongo anu, mawu akuti pepa sanabadwe nawo. Atafika kwa Limbani anaimika njinga, anayang'ana chikwama chija, n'kunena kuti, "Mphwanga, mawa tilawirire pa Nsaru. Ndikufuna ukandionetse nkhono imeneyo, maso angawa anaiphonya." Anakhala pansi n'kupempha madzi akumwa. Anacheza mpaka dzuwa kupendeka, nkhani za malole akale basi. Madzulo ake ndinazungulira nyumba za abale onse amene analipo Lamulungu lija, imodziimodzi, kukanena ndi pakamwa panga kuti wolakwa ndine. Ena anadabwa, ena ndikudziwa andinena mpaka chaka chamawa. Zilibe kanthu.

Loweruka mnzake uja ananyamuka yekha. Limbani alipo, Amayi. Tebo ina a Jafali akuifufuza m'tauni, ndipo ndanena kuti kulipira imeneyo ndi mbali yanga. Galimoto ikadzuka ndizikhala kumbuyo pamodzi ndi matumba, kutsogolo kwandikanika.

Dzulo anabwera kudzadya kwathu. Titamaliza ndinamupepesanso, iye n'kuseka, kuseka kwake kuja kotseka maso. Anati, "Achemwali, mwayamba liti kudandaula? Nanga kalilole wa amayi uja?" Ndinali nditaiwala, Mulungu ndi mboni. Kalilole wanu wa pa ukwati, wa felemu yobiriwira uja, amene munamupeza ataphwanyika kuseri kwa bedi. Munamukwapula Limbani ndi kamtengo ka pichesi mpaka anagona osadya, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri zokha. Ine ndinaima pakhomo n'kumaonerera.

Amayi, kalilole uja ndinaswa ndine. Ndinkadziyang'anirapo nditavala ndolo zanu. Mwana wanu sanamukhudze n'komwe, ndipo zaka zonsezi sananene kwa munthu. Munapita mukumudziwa ngati mwana wowononga zinthu, ndipo ine ndinakusiyani mupite choncho. Ngati kumeneko kuli njira yoti mumuonere, mumuonenso bwino.

Munandiuza kuti ndimusunge, koma ndaona kuti wakhala akundisunga ndi iyeyo. Ndikukulonjezani kuti akamadzanenedwa ine ndili pomwepo, sindidzalumanso chitenje.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu woyamba,
Esinati