Pemphero limene landisiya ndekha payunivesite ku Joni

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 39, mphunzitsi wa sekondale wochokera ku Ntcheu. Ndinabwera kuno ku Joni mu Febuluwale kudzachita digiri yachiwiri, ana anga awiri ndinawasiya m'manja mwa mayi anga. Ndimakhala ku Troyeville, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya eni ake. Masiku ena dzuwa limalowa nditangolankhula ndi dalaivala wa takisi yekha, pomuuza poti nditsikire.

Mwezi watha anzanga a m'kalasi anandisankha kukhala wapampando wa komiti yawo, mwina poona kuti ndine wamkulu. Ndinakondwa mpaka ndinaimbira foni kumudzi.

Mukudziwa inu kuti kwathu msonkhano suyamba popanda pemphero, kaya ndi wa makolo pasukulu, kaya ndi wa komiti ya mjigo. Mkhristu akatsegula, Msilamu amatseka, onse n'kubalalika mitima ili m'malo. Ndiye pamsonkhano wathu woyamba ndinaimirira n'kupempha onse kuti aweramitse mitu. Nditati ameni n'kutsegula maso, ndinapeza palibe ndi mmodzi yemwe amene anawerama. Mtsikana wina anati, "Mama, this is not a church." Pofuna kuonetsa kuti sindikondera, ndinayankha m'Chingerezi kuti, "Musadandaule, mbale wanga Harun apa ndi Msilamu wa kwathu ku Malawi, atitsekera ndi dua."

Harun ameneyu ndi munthu yekhayo amene ndinkamuyesa wanga pasukulupa. Anabwera kuno ndi makolo ake ali mwana, anakulira ku Diepsloot komwe mayi ake akukhalabe, ndipo Chizulu amachilankhula ngati mwini wake. Anandizindikira tsiku lina atandimva ndikukalipira mwana wanga pafoni. Kuyambira pamenepo Lachitatu lililonse tinkacheza m'Chichewa kuseri kwa laibulale, iye n'kumandifunsa za kwawo ku Mangochi kumene sakukumbukira bwino. M'kalasi ankandilankhula m'Chingerezi chokha, ine n'kumati ndi mwambo wa pasukulu basi. Ankapikisana nawonso pachisankho cha bungwe la ophunzira kudzera m'chipani china cha pasukulupo.

Tsiku la msonkhano lija sanapemphere, anangonyamula chikwama n'kutuluka. Sabata isanathe zithunzi zake za kampeni anthu ena anali atazilemba kuti "kwerekwere", dzina lonyozera alendo kuno, ndipo chipani chake chinachotsa dzina lake. Nditamupeza pageti anangoti, "Sisi, munandifunsa? Four years pasukulu pano palibe ankadziwa. Mwandimaliza, mukudziwa." Nambala yanga anaitsekera.

Tsopano ena akandidandaulira kwa akuluakulu a dipatimenti kuti ndinawakakamiza chipembedzo, ndipo ndaitanidwa Lachinayi likubwerali. M'kalasi mpando woyandikana ndi wanga umakhala wopanda munthu.

Amene andiyandikira ndi a gulu lina la mapemphero la ophunzira. Lamlungu masana anabwera asanu kunyumba, atanyamula nkhuku yootcha. Aphungu, m'miyezi isanu ndi itatu anthu amenewa ndi oyamba kugogoda pachitseko changa. Ndinalira. Mtsogoleri wawo, M'bale Omega, akuti andijambule vidiyo ndifotokoze zonse mmene zinayendera, aifalitse pa intaneti, Lachinayi andiperekeze ndi zikwangwani, kenako ndidzaimire gulu lawo pachisankho. Anandiuza kuti, "Mama, mukakapepesa ndiye kuti mwamukana Yesu pamaso pa anthu."

Mulungu wanga sindifuna kumukana. Zandale sindinabwerere. Koma ndikawakana anthu amenewa nditsala ndi ndani? Ndikapepese kapena ndiime nawo?

A.K., Troyeville, Joni

Mayi A.K.,

Pepani ndi kusungulumwa. Munthu wozolowera phokoso la ana ndi la kalasi kumukhazika m'kachipinda yekhayekha ndi chilango ndithu, ndipo misozi munagwetsa ija sindikuidabwa.

Koma ndikuuzeni mosapsatira. Funso lanu lonse lili pa pemphero, pamene wovulala kwambiri pankhaniyi ndi Harun. Pemphero linangodabwitsa anthu, akanaseka n'kuiwala. Chimene chinawononga ndi mawu otsatirawo. Munatchula dziko lake ndi chipembedzo chake pagulu, mumzinda umene mukudziwa bwino kuti mlendo amayenda akucheuka. Munachita ndi mtima wabwino, inde, koma munthu amene amakulankhulani Chichewa kuseri kwa laibulale kokha anali atakuuzani kale kanthu. Aphunzitsi, pamenepa simunamvetsere.

Yambirani kwa iyeyo. Mulembereni kakalata kakafupi pamanja, mumupatse nokha pomwe palibe anthu. Musafotokozemo za mwambo wa kwathu, akuudziwa. Mungoti munalakwa kumuulula osamufunsa. Ndipo musayese kumupepesa m'kalasi, chifukwa kumeneko n'kumuimikanso pagulu kachiwiri. Mwina sayankha. Umenewo ndi ufulu wake.

Za Lachinayi, pitani msanga ku ofesi yoona za ophunzira ochokera kunja, mupemphe munthu mmodzi woti akakhale nanu, muwafunsenso ngati nkhani yotere ingakhudze chilolezo chanu chophunzirira. Kwa akuluakuluwo kafotokozeni mmene timachitira kwathu, muvomere kuti munalakwa poganiza kuti n'chimodzimodzi kulikonse, ndipo mulonjeze kuti misonkhano muziyamba ndi moni. Palibe akukuuzani kuti musiye kukhulupirira. Simukapepesa chifukwa chodziwa Mulungu, mukapepesa chifukwa chofuna kuweramitsa mitu ya eni ake musanawafunse. Pempherani muli m'takisi, kapena pakhonde musanalowe. Mulungu samva bwino chifukwa choti mwagwira ajenda m'manja.

Tsono a M'bale Omega. Sindikuti ndi anthu oipa, mwina ena mwa asanuwo amakukondanidi. Koma taonani mndandanda wawo: vidiyo, zikwangwani, chisankho. Harun mulibemo, digiri yanu mulibemo. Chipani chinamutaya mnzanu chitaona kuti achiluzitsa mavoti, awa akukutolani ataona kuti muwabweretsera mavoti. Auzeni mwaulemu kuti za vidiyo ndi zikwangwani ayi, koma Lamlungu likudzali abwere adzamwe tiyi. Amene adzagogode ndi amenewo anu.

Musamangirirenso mtima wonse pasukulu. Ku Joni kuli Amalawi ochuluka, ndipo mipingo yopemphera m'Chichewa iliko. Funsani amayi a kwathu amene mungawapeze m'takisi akupita kuntchito zawo ku Fourways, akulozerani. Kumeneko mukapemphera mpaka mawu kusasa, palibe adzakusumireni. Mphunzitsi ngati inu adzakulandirani ndi manja awiri, ana awo akusowa wowathandiza homuweki.

Chenjezo langa ndi ili. Vidiyo ikangotuluka siibwezeka, ndipo simungafotokoze nkhaniyi popanda anthu kufunsa kuti Mmalawi winayo ndi ndani. Pano akumudziwa a pasukulu okha, mawa adzamudziwa a mumsewu wa mayi ake ku Diepsloot. Inu zikavuta mukwera basi, ana anu akakuchingamirani pa depoti. Harun alibe basi yoti akwere, kwawo ndi komweko.

Aphungu