Mowa Sudikira Alendo a ku Lusaka

Lolemba, 2 Juni 2025

Chisanu. Pampopi palibe madzi kuyambira dzulo.

Bwana wathu ku ofesi ya boma ya chikhalidwe, ba Langson, abwerako ku wekishopu ndi matenda atsopano. Ati anawaonetsa vidiyo ya ku Japani: alendo amayendera nyumba zofululira mowa wa mpunga, kununkhiza, kulawa, kujambula migolo yakale, basi dera n'kutchuka. Ndiye nafenso kuno ku Rufunsa tikhale ndi ulendo woona mowa wa makolo. Alendo oyamba, a bungwe lina la ku Lusaka, afika Lachisanu pa 13. Woyendetsa zonse ndi ine. Ine Dorcas wa kwaya, woti fungo la masese lokha limandizunguza mutu!

Ndinati ndikane. Anatulutsa kalata yanga ya transifa yopita ku Lusaka m'dirowa n'kuigwedeza m'mwamba. "Zikayenda bwino ndisaina tsiku lomwelo." Chaka chachitatu kalata imeneyi ili m'dirowa. Mwana wanga Mapalo ali giredi seveni kwa amayi anga ku Matero, ku Lusaka, ine ndikumulera pa foni. Ndavomera. Mulungu andikhululukire.

Lachitatu, 4 Juni

Ku Chinyunyu pa galimoto ya ofesi. Kupusa kwathu. Tisanatsike n'komwe, azimayi balala kuthengo, zidebe pamutu. Ati galimoto yofanana ndi imeneyi inabwera chaka chatha kudzatayitsa anthu mowa. Aliyense amene tamufunsa, yankho limodzi: kuno timamwa munkoyo chabe wosaledzeretsa, tonse ndife opemphera. Mdala wina ankanena zimenezi atakumbatira mtengo kuti asagwe.

Lachinayi, 5 Juni

Ndabwererako ndekha pa minibasi, nditavala chitenje. Ndawapeza ba Estina, amene mudzi wonse ukuti mowa wawo wa masiku seveni ulibe unzake. Mayi wamfupi, mawu ofika kumsewu. Anayang'ana nsapato zanga nthawi yaitali. "Chaka chatha boma linati ndi poizoni. Chaka chino ati ndi chikhalidwe. Chaka chamawa mudzati ndi mankhwala a chifuwa?"

Avomera, poti chimera anali nacho kale. Koma andichenjeza: akayamba mawa, upsa pa 13. "Osati 12, osati 14. Mowa si mitingi, mwanawe."

Lachiwiri, 10 Juni

Ba Langson akayendera malo. Sanakondwe. Diramu lachitsulo, zidebe zapulasitiki, thumba losefera: ati zonsezi si za makolo. Akufuna mbiya. Mbiya yokhayo, ya malemu amayi awo a ba Estina, inali kuseri kwa khitchini, nkhuku ikuikiramo mazira. Nkhuku yachotsedwa pa udindo popanda kalata.

Alembetsanso chikwangwani chonena kuti pakhomo pano afulula mowa kuyambira 1890. Ba Estina anasamukira pano 2004. Awauzanso kuti tsikulo asavale nsapato zawo za mateki ndi juzi ya mpira. Ine manyazi, ndimangoyang'ana pansi.

Komabe m'diramu mukuwira bwino, thovu phuliphuli. Usiku ndinayamba kulongedza mabuku m'katoni.

Lachinayi, 12 Juni

Foni yochokera ku Lusaka. Alendo sabwera mawa. Mkulu wawo ali ku wekishopu ina. Afika Lachitatu pa 18.

Ba Langson osagwedezeka n'komwe. "Kawauzeni auimitse kaye mowawo." Auimitse! Ngati basi ya ku Chipata.

Loweruka, 14 Juni

Mowa unapsa dzulo, tsiku lake lenileni. Ba Estina anaitana anthu okolola. Pofika madzulo munda wonse wa chimanga uli pansi, diramu lauma gwa. Amene anamwa akuti mowa wotere sanaulawe zaka zisanu. Wina anandigwira chanza, ati boma lipitirize.

Masiku atsala anayi, mowa ndi wa seveni. Ngakhale ine wa kwaya samu imeneyi ndaimva.

Mapalo watuma voisi. Akufunsa ngati auze aphunzitsi kuti pa tsiku la makolo mwezi wamawa kudzabwera amayi ake enieni. Ndalira m'minibasi, kondakitala amvekere ndi fumbi, sisita.

Lachiwiri, 17 Juni

Nzeru za bwana: mowa wa m'mapaketi wa pashopu, kuthira mu mbiya, kuvundula ndi mthiko. Ati mlendo sadziwa kanthu. Tathira ine ndi dalaivala wathu ba Bornface. Mapaketi tawotcha kudzala.

Ba Estina anangokhala pamtondo kutiyang'ana. Pochoka ndi pamene anati, "Mbiya ndakubwerekani. Dzina langa sindinakubwerekeni." Sindinamvetse. Ndimaganiza za dirowa basi.

Lachitatu, 18 Juni

Mutu. Ndilemba mawa.

Lachinayi, 19 Juni

Alendo anayi, azungu awiri, wojambula, ndi mtsogoleri wawo ba Namakau. Poyamba ku kasupe wa madzi otentha. Anaviika zala, anakuwa, anajambula. Zonse bwino.

Kwa ba Estina mkeka, mbiya, chipanda chatsopano. Iwo opanda nsapato monga analamulidwa. Mzungu wina watambasula kale dzanja, ba Namakau n'kumuletsa. Ati mwambo wake mwini mowa ndiye amayamba kumwa, alendo aone kuti mulibe choipa. Ife a ofesi ya chikhalidwe tinali titaiwala zimenezo.

Chipanda kwa ba Estina. Manja anapinda pachifuwa. "Ine ndimayamba kumwa mowa umene ndaphika ndekha. Uwu ayambe mwini wake." Alendo anaseka, kuyesa ndi nthabwala zapamudzi. Maso anga kwa ba Langson. Iwo mwadzidzidzi ali ndi shuga, adokotala anawaletsa. Maso onse kwa ine.

Ndinaganiza za Mapalo, ndinatsinzina, ndinamwa. Wowawasa ngati phala logona. Wojambula ati dzuwa linamutchinga, ndibwereze. Kenako ati sindinamwetulire. Kachitatu ati chipanda chikhale chodzaza.

Zotsatira ndamva kwa ba Bornface. Ati ndinafotokoza mbiri ya mbiya kuyambira 1890, momwe inawolokera Luangwa pamutu pa mfumukazi, misozi ili mbwee. Ati ndinayambitsa nyimbo, ndinamanga chitenje m'chiuno. Mzungu anati mowawo ukumveka dothi la makolo. Ba Estina ati anaseka mpaka kugwa pamtondo.

Lamulungu, 22 Juni

Kutchalitchi sindinapite. Chithunzi chafika kale pa gulupu ya kwaya ya pa foni. Palibe walemba mawu, angoika timanja topemphera khumi ndi tiwiri. Zilibe kanthu, ndikuchoka. Ku Matero kulinso kwaya.

Mabuku, mapoto, makatani, zonse m'makatoni. Ndamuuza Mapalo kuti awauze aphunzitsi.

Lachisanu, 27 Juni

Andiitana mu ofesi. Ba Langson kumwetulira mano onse panja, mpando kundikokera okha. Kalata yochokera ku bungwe lija. Ulendo unaposa chiyembekezo. Apereka thandizo la zaka ziwiri, koma pali mfundo imodzi: woyendetsa akhale mayi yemwe uja, wokonda chikhalidwe chake ndi mtima wonse. Nkhope yanga ndi chipanda aziika kale pa positala.

Ndinafunsa za kusaina. "Ba Dorcas, munthu ngati inu tingamutaye bwanji? Zinayenda bwino mopitirira." Dirowa sanatsegule n'komwe. Alendo ena afika pa 11 Julaye, ndikauze ba Estina.

Ndakhala pa katoni ya mapoto. Foni yalira kachitatu tsopano. Ndi Mapalo. Ndimuuza kuti chiyani?