Ndinangoona Manambala a Masamba

9 Malichi

Okondedwa Achemwali,

Kalata yanu ndinailandira Lachiwiri, ndipo ndakondwa kumva kuti mwendo wa alamu wayamba kupondeka ndi kuti ana akukhoza kusukulu. Ine kuno ndilipo, thupi lili bwino. Denga la kashopu kanga ka mabuku lija analikonza, ngakhale kalipentala wake anakhoma malata ngati akulanga mdani, moti mvula ikagwa ndimasunthabe shelefu yapakhomo. Zosoka sizikutha. Sabata ino yokha andibweretsera mabuku a nyimbo a kwaya yonse, onse othyoka msana.

Tsopano ndilowe m'nkhani, pakuti mukudziwa kuti kuzungulira sindikutha. Mwalemba kuti Aphunzitsi aja akukwatira pa 30 mwezi uno, ndipo khadi imene anakutumizirani munaing'amba pamaso pa woibweretsa. Mwalembanso kuti zaka ziwiri zimene akhala m'tauni yanuyo, mukakumana nawo pamsewu mumayang'ana kumbali chifukwa cha ine. Achemwali, khalani pansi. Munthuyo sanalakwe. Ndinakuuzani kuti anangonditayitsa nthawi zaka zinayi n'kuthawa osatsanzika ngati wamantha, ndipo inenso ndinkakhulupirira zomwezo. Si mmene zinayendera.

Mukukumbukira kuti ine sukulu ndinaisiya ndisanathe n'komwe kulemba kalata. Kuwerenga ndinadziphunzitsa ndekha m'shopu muno, nthawi imene Mdala Singano ankandiphunzitsa kusoka mabuku. Mdala uja anali ndi lamulo limodzi. Ankati, “Pepala la kasitomala si lako. Maso ako azikhala pakona pamene pali nambala. Ukaona kuti 40 watsatana ndi 41, basi, soka.” Ankati anthu amabweretsa zinsinsi zawo kuti tizimange, ndipo wosoka wowerenga za eni ake sasiyana ndi wosuzumira pazenera la bafa. Mabuku ogulitsa ndimawerenga onse, koma zolemba zimene munthu wabweretsa kuti ndisoke, ayi. Zaka khumi ndi zisanu ndasunga lamulo limeneli, ndipo ndinkalinyadira ngati mendulo.

Aphunzitsi ankabwera Lachisanu lililonse akaweruka, choko chili mbuu m'manja, n'kukhala pa katoni ya mabuku osagulika ija imene inasanduka mpando wawo. Ndiwo anandibwereka buku lakalekale lija, la masamba achikasu ngati mano a wosuta fodya, lonena za mtsikana wosamalira bambo ake akhungu, amene anakana kutsatira mnyamata wake kutali, n'kukalamba akuyang'ana pazenera. Ndinaliwerenga katatu. Ndinawauza kuti wolembayo anali munthu woona, chifukwa moyo umathadi choncho. Iwo anaseka n'kunena kuti, “Inu mumakonda buku likakupwetekani.” Tinkakangana choncho mpaka tiyi kuzizira. Za chikondi sanatchulepo, nanenso sindinatchule, koma Lachisanu ndinkavala bulauzi yabuluu ija, ndipo msewu wonse unkadziwa chifukwa chake.

Kenako kunabwera mabuku atsopano aja, a zikuto zowala, amene amatenga nkhani zakale zomwezo n'kuziveka zovala zalero. Mtsikana wapazenera uja ndinakumana naye m'mabuku asanu. M'buku lina akugwira ntchito kubanki, m'lina ali ndi foni ziwiri, m'linanso bambo ake akhungu aja apenya pa mutu womaliza chifukwa mnyamatayo wabwerako ali dokotala wa maso. Onse amathera pa kukumbatirana. Ndinkawagulitsa, pakuti ndiwo amayenda, koma pakamwa sindinkatseka. Ndinkawatcha madzi a shuga. Tsiku lina Mayi a Saluni, amene salola buku lotere kugona pashelefu masiku awiri, anandiyankha kuti, “Iwe, zowawa tili nazo kale kunyumba. Ukufuna tizichita kugulanso?” Ngakhale Mlonda wa pasitolo yayikulu amabwera kudzatenga, amati ndi a akazi ake, koma ine ndimamuona pageti akupukuta m'maso ndi chipewa. Ndinkawaseka onsewo. Ndinkati ine ndine wa mabuku enieni, ine wosatha sukulu ndawaposa.

Ndiye Lachisanu lina Aphunzitsi anabwera ndi mpukutu wa mapepala otayipa, womanga ndi chingwe cha nsapato. Anati, “Ndalemba kanthu. Ndikufuna mukasoke inuyo, ndi ulusi, osati guluu. Ndi nkhani ya mtsikana wapazenera uja, koma ndamubweretsa masiku ano, ndipo ulendo uno sakalamba yekha.”

Achemwali, mtima wanga wapachala mumaudziwa. Munthu amene anandionetsa buku lenileni, nayenso wayamba kusungunula shuga! M'shopu munali anthu atatu, koma sindinasamale. Ndinati, “Nanunso? Zaka zonsezi ndimayesa ndikucheza ndi munthu wanzeru. Nkhani zoterezi n'zonamiza anthu osowa chochita.” Iwo anangoti, “Muwerenge kaye mpaka kumapeto.” Ine n'kuti, “Bwerani Lachisanu mudzatenge.”

Ndinasoka. Ndinasoka bwino kuposa chilichonse chimene ndasokapo, masamba 214, ulusi wopaka phula, chikuto cha nsalu yobiriwira. Koma sindinawerenge ngakhale mzere umodzi. Ndinkadziuza kuti ndi lamulo la Mdala Singano, pepala la kasitomala si langa. Lero ndikuvomera kuti lamulolo ndinangobisalamo. Mwini wake anali atandipempha yekha kuti ndiwerenge. Chinanditseka maso ndi mkwiyo. Ndikukumbuka kuti tsamba lomaliza linali ndi mizere itatu yokha pakati, kwinako koyera, ndipo ndinangoti mumtima, aphunzitsi athunthu kuwononga pepala chonchi. Ndinaona 214 pakona, n'kutseka.

Lachisanu anabwera atavala tayi, chinthu chimene sindinawaonepo nacho. Sanakhale pa katoni yawo. Anagwira bukulo n'kufunsa, “Mwafika kumapeto?” Ine, poopa kuoneka waulesi kapena wolephera kuwerenga zotayipa, ndinati, “Ndafika.” Anati, “Tsamba lomaliza mwaliona?” Ndinati, “Ndaliona.” “Nanga yankho lanu?” Ndinkayesa akufunsa maganizo anga pa nkhaniyo, ndiye ndinati, “Yankho ndinakupatsani kale sabata yatha, anthu akumva. Ine sindisintha mawu. Zoterezi kapatseni ena, ine ayi.” Anayang'ana chala changa chamanthu chija chimene chinapindika ndi singano. Kenako anati, “Zikomo chifukwa chosandibisira,” n'kutuluka. Patatha mwezi ndinamva kuti apempha kusamutsidwa. Ndinakwiya kuti bambo wamkulu wathawa chifukwa chonyozedwa kabuku, ndipo mkwiyo umenewo ndi umene ndinakulemberani.

Mwezi wathawu m'katoni ya mabuku atsopano munabwera asanu ndi awiri ofanana. Ndinaona dzina la Aphunzitsi pachikuto, n'kuwaika pashelefu yapansi, osatsegula. Mayi a Saluni anatenga limodzi Lolemba. Lachitatu anabwerera ali ndi chipeso m'tsitsi, atasiya kasitomala mutu uli theka, n'kuponya bukulo pakauntala.

“Iwe mfiti iwe, bwanji sunatiuze?”

“Kuti chiyani?”

“Mkazi wa m'bukumu ndiwe! Wosoka mabuku, wolalata, wa chala chopindika, wovala bulauzi yabuluu Lachisanu. Mpaka katoni yokhalira ilimo! Nanga ukwati unachitika liti ife osamva?”

Ndinawathamangitsa, ndithu ndinawatukwana, ndipo ndiyenera kukapepesa. Ndinatseka chitseko dzuwa lili pamutu, makasitomala akugogoda, n'kukhala pa katoni ija. Ndinawerenga osadya, osamwa. Achemwali, Aphunzitsi aja ankandiona. Analemba mmene ndimalumira ulusi ndi mano a kumanzere, mmene ndimanunkhizira buku ndisanalitsegule, mmene ndimabisira manja pansi pa tebulo pakabwera anthu ophunzira. Ngakhale kukalipa kwanga anakulemba ngati chinthu chokoma. Chakumapeto, mphunzitsi wa m'nkhaniyo amabweretsa mapepala kwa wosokayo, atalemba funso lake pa tsamba lomaliza, mizere itatu yokha, chifukwa pakamwa pake pankalephera. Ndipo wosoka wa m'bukumo amaswa lamulo la ntchito yake, amawerenga, n'kuthamanga msewu wonse singano ili m'manja kukayankha kuti inde.

Iyeyo anawerenga. Ine ndinaona nambala.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti sanasinthe mathero. Ndinawakana pamaso, monga iwo ankadziwira, ndipo akanatha kumukalambitsa mkaziyo pazenera kuti andibwezere. Koma anamusiya akuthamanga. Tsopano ndamvetsa zimene Mayi a Saluni ankanena. Anthu aja si opusa. Amadziwa bwino lomwe kuti mtsikana wa m'buku lakale uja anafera pazenera, ambiri a iwo ali pazenera lomwelo. Amangofuna malo amodzi, ngakhale papepala, pamene munthu amatsegula maso nthawi ikadalipo. Ine amene ndinkawaseka ndimawerenga mutu womalizawo tsiku lililonse ndisanatsegule shopu, ndipo tsiku lililonse mkaziyo amafika.

Ndikudziwa chimene mukuganiza, chifukwa nanenso ndachiganiza. Kwatsala milungu itatu. Ndalemba makalata anayi opita kwa iwo, onse ndang'amba. Dzulo ndinafika mpaka pokwerera basi ndi chikwama. Koma mwalemba nokha kuti mkaziyo ndi namwino wofatsa, wolera ana a malemu mkulu wake, ndipo Aphunzitsi anenepa, ayambanso kuseka. Iyeyo anafunsidwa n'kuyankha. Wandilakwira chiyani kuti ndikamugwetsere denga? Madzi akatayika sawoleka, ndipo amenewa ndinawataya ndine, ndi mwendo wanga. Ndinabwerera kunyumba.

Ndiye ndili ndi zopempha ziwiri, ndipo musandikanire. Choyamba, pitani ku ukwatiwo. Valani bwino, muwapatse moni ndi manja awiri, mupepese za khadi ija. Nenani kuti inali misala yanu, alamu akuchitirani umboni.

Chachiwiri, pamodzi ndi kalatayi mulandira kaphukusi. Osindikiza anamata buku lawo ndi guluu wachabechabe, ukalitsegula kawiri masamba akumapeto amayoyoka, ndipo mathero ndiwo amayamba kutayika. Onse asanu ndi awiri ndawamasula n'kuwasoka ndi ulusi. Asanu ndi limodzi akuzungulira m'manja mwa azimayi a mumsewu muno. Limene lili m'phukusilo ndaliveka nsalu yobiriwira. Muwapatse ukwati ukatha, osati usanachitike, mwamva? Ukatha. Akadzafunsa ngati ndinaliwerenga, musawonjezere kanthu, musapange nkhope. Mudzangoti mng'ono wanga uja mumamudziwa, amangoona manambala a masamba.

Moni kwa alamu, muwauze asathamangire kutaya ndodo. Moni kwa ana, wamkuluyo ndamusungira mabuku awiri, limodzi lakale, limodzi latsopano, adzasankhe yekha, ine sindidzanenapo kanthu. Mukadzabwera pa tchuthi mudzabweretse mpando, chifukwa katoni ija sindilola munthu kukhalapo, ndipo kuichotsa ndalephera.

Lero ndi Lachisanu. Ndilekeze pano, nthawi yoweruka kusukulu yakwana ndipo ndikufuna kutseka chitseko ana asanayambe kudutsa.

Ndine mng'ono wanu,
wa pakamwa posatseka uja.